Sindinkalemba Mayina

Nditapuma uphunzitsi ndinali ndi chizolowezi chimodzi. Tsiku la msika pa Nsanama ndinkakhala pabenchi ya bambo ena okonza njinga, kope pabondo, n'kumalemba mmene anthu amayankhulira: mmene mayi wogulitsa nandolo amakanira mtengo, mmene wakabaza amatukwanira tayala lake. Pobwerera kunyumba ndinkawerenga mokweza, chiganizo chikandikola pakhosi n'kuchifufuta. Ndimo ndinaphunzirira kulemba.

Bambo a njingawo anali achikulire, a lilime lakuthwa, osakaniza Chiyao ndi Chichewa. Masamba ambiri a kopelo anali awo. Akaona ndatulutsa cholembera ankathira mchere nkhani, ine n'kumati akukonda luso langa. Uchitsiru wanga!

Chaka china, mayina a olandira fetereza wotsika mtengo atatuluka, ndinapeza anthu akundidikira pabenchi paja, nkhope zili ndwii. Kani msika wonse unkati ndine kalembera wa boma wobisala. Munthu wamkulu angamalembenji pamsika ngati si mayina?

"Aphunzitsi, langa lili kuti?" anafunsa mayi wa nandolo.

"Iyayi amayi, ine ndimalemba mawu basi."

"Mawu? Mawuwo amathira m'munda?"

Ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero sunazizire. Zaka ziwiri ndikukhala pamaso pawo, popanda ndi mmodzi yemwe wondifunsa. Anangondipatsa udindo okha, n'kumandininkha nthochi, ine n'kumadya ngati mbuzi, kenako n'kudzandizenga mlandu pa ntchito imene sindinaigwirepo. Wina ananditsomphola kope n'kumasanthula masamba kufuna dzina lake. Atalisowa analiponya m'ngalande ya madzi otsukira nsomba.

Koma chondiwawa zedi ndi bambo a njinga aja. Tsiku lolembetsa kumudzi kwawo sanapite. Anatandala pamsika kundisimbira nthabwala, poti ankayesa kuti anali kale m'buku langa. Pa chipwirikiti chija iwo sanakalipe. Anatola kope lonyowalo, kulipukuta ndi sanza ya girisi, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Che mwalimu," anatero, "ndiye masiku onse aja munkangondiseka?"

Ine wotchera khutu, wonyadira kuti sindiphonya liwu, sindinamve chimene munthu ankandipempha sabata ndi sabata. Chaka chimenecho chimanga chawo chinathera m'maondo, chachikasu. Mawu awo a m'kope lija ndili nawobe, okoma kuposa anga onse, ndipo sindinayerekeze kuika ngakhale limodzi m'nkhani yanga.