Kukadandaula kwa Aphungu ku Salford

Tinanyamuka ku Hull, kuno ku Mangalande, Loweruka m'mawa, kukuwaza kamvula kaja ka kuno kolowa m'mafupa. Tinali atatu: ine, amene ndine namwino, Tadala, mtsikana wa kutchalitchi kwathu amene ndimamutenga ngati mng'ono wanga, ndi a Makwinja, mkulu wa mpingo, atatchena suti ndi tayi. Tinali titamva kuti aphungu a Nyumba ya Malamulo ya kuno akubwera ku Salford kudzamva madandaulo a anthu ochokera kunja amene amasamalira okalamba.

Mlandu unali wa Tadala. Bwana wake ankamunyamulitsa yekha nkhalamba yofunika anthu awiri, mpaka msana unavulala. Atadandaula, bwanayo anamuuza kuti ndege zopita ku Lilongwe sizinathe. Viza ya Tadala ili m'manja mwa bwana ameneyu, ndipo akangomuchotsa ntchito, iye ndi ana ake awiri alongedze. Kwathu mwini mlandu sadziyankhulira pamaso pa akuluakulu, choncho mpingo unasankha a Makwinja kuti akatiyankhulire.

Tiketi ya sitima inatidya mapaundi makumi atatu aliyense, kupita ndi kubwera. Tadala anakhala kuwindo, ndipo mandasi amene ndinakazinga sanawayang'ane n'komwe. A Makwinja ndiwo anadya anayi, akutifotokozera za agogo awo amene ankagwira thangata m'minda ya tiyi ku Thyolo. Akuti madandaulo ankawatula kwa DC, DC n'kunena kuti awatumiza ku Mangalande, basi nkhani n'kufera m'njira.

"Lero mdzukulu wake ndikukaonana nawo maso ndi maso," anatero akukonza tayi.

Moyang'anana nafe munakhala mzungu wachikulire amene kale ankagwira ntchito padoko. Atamva kumene tikupita, anaseka. "Mukafika nenani msanga," anatero. "Amenewo amamvetsera akuyang'ana wotchi."

A Makwinja anamwetulira mwaulemu, kenako anatembenukira kwa ife m'Chichewa: "Kuthamanga sikufika."

Tikulowa mu Leeds foni ya Tadala inalira. Anali bwana wake, kufuna kuti akagwire shifiti ya masana. Tadala anali atamuuza kuti wagona, msana wavuta. Akuyankha motsitsa mawu ngati wodwala, chimkuzamawu cha m'sitima chinalengeza kuti tafika pa Leeds, mokweza moti ngakhale wogontha akanamva. Ndinamva ndekha bwanayo akufunsa kuti, "Uli kuti?" Tadala anadula foni.

"Achemwali, tiyeni tibwerere. Ndikamupepesa."

"Ukapepese chiyani? Madzi atayika kale, sawoleka," ndinatero. Mawu ndinalimbitsa. Ine viza yanga ilibe vuto. Ndinkalimba mtima ndi ana a mnzanga.

Ku Manchester tinakwera thiramu, kasitima koyenda m'misewu ya m'tauni. Mayi wina wa ku Zambia anatimva tikukangana za potsikira. "Imwe, museluke pa stop yachitatu," anatero, n'kutilozera njira. Tinafika paholo masana, mvula itakula.

Aphungu analipo atatu, atakhala patebulo lalitali, ndipo pambali pawo panali mayi wina ndi kabelu. Gulu lililonse linapatsidwa mphindi zisanu. A ku Philippines anaima, n'kulasa pomwepo. A ku Zimbabwe chimodzimodzi, opanda ngakhale moni. A Makwinja anapukusa mutu n'kundinong'oneza kuti anthu ena sanaleredwe.

Itafika nthawi yathu, anaimirira pang'onopang'ono n'kumanga batani la jekete. Anathokoza Mulungu potiyendetsa bwino. Anapereka moni kwa phungu aliyense payekha ndi kufunsa za kunyumba. Anathokoza boma potilandira m'dziko muno, anakumbutsa za ubale wakale wa maiko athu awiri, kenako anayamba kutitchula mmodzimmodzi ndi maudindo athu a kutchalitchi. Pabwalo la kwathu anthu akanawomba m'manja, chifukwa ankayankhula bwino zedi. Koma mayi uja anali atagwira kale kabelu. Ine thukuta linali kamukamu, mtima ukundiuza kuti ndiwakoke jekete. Munthu wamkulu umamudula bwanji pagulu?

"Yatsala mphindi imodzi," anatero mayiyo.

A Makwinja anatsokomola. "Ana athu ena akukumana ndi timavuto tating'ono kuntchito," anatero m'Chingerezi chawo chosalala, "koma tikudziwa kuti inu makolo athu muziona."

Timavuto! Kwathu wamkulu akamva mawu otere amadziwa kuti nyumba ikupsa. Phungu wapakati anangomwetulira, n'kunena kuti wakondwa kumva kuti a Malawi akukhala bwino, ndipo anayang'ana gulu lotsatira. Ndinafuna kulira ndi ukali.

Mpando unasuntha pambali panga. Tadala anali ataimirira, atagwira msana ndi dzanja limodzi.

"Pepani adadi," anatero kwa a Makwinja, akupinda bondo pang'ono. Kenako anayang'ana aphungu. Ananena za nkhalamba ija, za msana, za ndege za ku Lilongwe, za anzake amene amalira m'chimbudzi n'kupukuta maso kubwerera kuntchito. Belu linalira, iye osasiya. Phungu wamkazi anakweza dzanja kuti amuleke amalize.

"Tingathe kulemba popanda dzina lanu," anatero phunguyo, "koma tikatero sitingafufuze kampani imene mumagwirako ntchito. Ndipo sindingakulonjezeni kuti bwana wanu sadziwa."

Tadala anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Pamenepa ndinalibe mwambi.

"Lembani," anatero. Anatchula dzina lake lonse, ndi la kampani, ndi la bwana.

Pobwerera a Makwinja ankangoyang'ana pawindo mpaka tinadutsa Huddersfield. Ndinkaganiza kuti akwiya chifukwa chodulidwa ndi mwana. Kenako anavula tayi n'kuyipinda bwinobwino.

"Tadala, mwana wanga, ndinakakuphikira madzi okhaokha," anatero. "Zikavuta, iwe ndi ana mubwere kwathu. Amayi akunyumba kwanga ndikawauza."

Tadala anavomera ndi mutu, misozi ili mbwembwembwe.

Ulendowu unandiphunzitsa kuti ulemu wathu umafuna womva amene anakulira momwemo. Kwa ena, ukati timavuto amamva timavuto basi. Koma phunziro limeneli ine ndinalipeza mwaulere, wolipira ndi wina.

Tinafika ku Hull dzuwa litangolowa. Ndinamuuza Tadala kuti akagone kwathu, anakana. Anali ndi shifiti ya Lamulungu m'mawa, ndipo yunifolomu inali isanasitidwe.

"Ukapitadi?" ndinafunsa.

"Nanga nditani, achemwali? Sanandichotse. Akafuna kutero, akandiuze ndili chiimire."

Anakwera basi yake mogwirira chitseko, chifukwa cha msana uja.