Mawu a Amayi Pakamwa pa Mzungu

Batire la thirakitala lija ndimalikumbukabe, lakuda, lochita thovu loyera pomangira mawaya. Ndi limene linkayatsa TV ya aphunzitsi Lamlungu masana, m'shedi yosankhiramo fodya pa pulazi yathu kufupi ndi Mvurwi, ku Zimbabwe. Tikatseka zitseko munkada bii, fungo la fodya likukanda kukhosi.

Chaka chimenecho amalume anabwera kuchokera ku nkhondo ya ku Congo ndi chikwama chimodzi komanso mkazi. Mkaziyo sankamva Chichewa ngakhale Chishona. Amayi anamupatulira mbale yakeyake, ndipo tsiku ndi tsiku ankauza mlongo wawoyo kuti akamubweze. Amalume anali atayamba kufunsa za mabasi oti akamubwezere kwawo.

Aphunzitsi anali ndi kaseti imodzi yokha: filimu yakale ya azungu, ya msilikali amene anabwera kwawo ndi mkazi wachilendo, abale ake n'kumukana. Ine ndinali Fomu 2, choncho ndinkaima pambali pa TV n'kumamasulira komboni yonse. Kawirikawiri ndinkangopeka. Msilikali akamalira, ndinkati amubera matemba.

Lamlungu lina amayi anakhala kutsogolo, mlamu wawo uja kumbuyo kwenikweni, pa mabelo a fodya. Mlongo wa msilikali wa mufilimu uja atangotsegula pakamwa, ndinamulowetsa mawu a amayi, kalankhulidwe kawo komwe:

"Mkazi wopanda mudzi ndi nkhuku yogula pamsewu, sudziwa nthenda yake."

Mawuwo aliyense anali atawamvapo pa chibhorani potunga madzi. Anthu anaseka mpaka kutsokomola. Aphunzitsi anayang'ana kudenga. Amalume sanaseke. Ananyamuka, n'kukakhala pa belo pambali pa mkazi wawo.

Kunyumba ndinalawa paipi yothirira mbande. "Pepesa," anatero amayi. Ndinayankha kuti ine ndinangomasulira zimene ananena mzunguyo. Mpaka lero sindinapepese, ndipo atandiimikanso pa TV ija ndikhoza kuwonjezera zina.

Za mabasi sizinamvekenso. Patapita milungu, mbale ija inabwerera pa zinzake.

Chinandizunguza n'chakuti wolira anali amayi, ine wokwapulidwa maso ali gwa. Ndinkayesa manyazi. Sindinkadziwa kuti mawuwo sanayambe ndi iwo. Anauzidwa ndi apongozi awo kumudzi kwa bambo, ku ruzevha, tsiku limene bambo anapita kukaonetsa mtsikana wa pa pulazi amene ankafuna kumukwatira.