Toti ya a Namalomba

A Kingsford Namalomba a ku Manja agwira ntchito mu labu ya sekondale ina ku Chitawira kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Si aphunzitsi ayi. Iwo ndi amene amatsuka mabotolo, kusakaniza mankhwala oyeserera a ana a Folomu 4, ndi kukalipira aliyense wonunkhiza chinthu asanafunse. Kutchalitchi ndi mkulu wampingo, ndipo mowa sanaulawepo chibadwire. Ngakhale thobwa likagona masiku awiri amaliyang'ana ndi diso lokayika.

Tsoka linabwera ndi ahedi atsopano, Mayi Annette Kachale, amene kale ankaphunzitsa mbiri yakale ndipo ankakhulupirira kuti chinthu sichisowa chokha. Lachiwiri lina mmawa analowa mu labu n'kupeza botolo loyezera limene a Namalomba anali atangosakaniza: theka la lita ya mowa wa mu labu uja amati ethanolo, ndi theka la lita ya madzi.

"Bambo Namalomba, 500 kuphatikiza 500 ndi zingati?"

"Ndi 1000, Mayi."

"Nanga apa bwanji mzere waima pa 960?"

Mayiwo anasendera pafupi, mphuno patsogolo. "Mamililita 40. Imeneyo ndi toti yathunthu. Tapumani ndimve."

Mkulu wampingo uja anapuma mokwiya. Panatuluka fungo la chinangwa chokazinga basi.

"Mayi, mowa ndi madzi zikakumana zimalowana. N'chifukwa chake papepala la pabotololi sindinalembe 50 peresenti. Mukagawa 500 ndi 960 mupeza 52 peresenti."

"Ndiye kuti mwamwako, koma mphamvu yake yakwera? Musandipusitse, ine ndinaphunzira."

A Namalomba anatuluka, anzawo a ntchito amene anawaona panja n'kumaganiza kuti basi ntchito aisiya. Anabwerako ndi kapu ya mtedza wogula pageti ndi kapu ya mchenga wa pabwalo la mpira. Anakhuthulira zonse mu jagi imodzi, n'kugwedeza. Mchenga unathawira m'mipata ya mtedza, ndipo zonse pamodzi sizinafike n'komwe makapu awiri.

"Kodi mchengawu ndamwanso ine?"

Ahedi anayang'ana jagiyo nthawi yaitali. Kenaka analamula kuti asakanizenso ethanolo ndi madzi iwo akuona, a Namalomba atatseka pakamwa ndi mpango. Mzere unaimanso pa 960. Mayiwo anasuzumira pansi pa tebulo, n'kupepesa motsitsa mawu ngati munthu woponda mnzake phazi mu minibasi.

Koma a Mabvuto, alonda a masana, anali ataonera zonse pawindo. Kuyambira sabata imeneyo chilichonse chosowa pasukulupo chinapeza chifukwa. Shuga wa tiyi wa aphunzitsi akachepa, a Mabvuto ankati walowana. Choko chalowana. Ana asanu ndi atatu atathawa phunziro la masamu, mnzawo anaimirira mwaulemu n'kuuza aphunzitsi kuti onse alimo m'kalasimo, angolowana.

A Namalomba zimenezi zimawapweteka mtima mpaka lero. Akamamva mawuwo pakhonde amatuluka ndi gawuni yawo yoyera n'kukuwa kuti sayansi si yoseweretsa. Chaka chamawa akupuma pantchito, ndipo akuti adzaweta nkhuku kuseri kwa nyumba yawo ku Manja. Akazi awo avomera, bola khola likhale kutali ndi chingwe choyanikapo zovala.