Impso ya Achimwene Inatsala ku Tauni

Pepala lovomereza kuti achimwene achotsedwe impso ndinasaina ndine, chifukwa pabanja pathu mphunzitsi wowerenga Chipwitikizi ndine ndekha. Anali atakodza magazi kwa miyezi yambiri ku Chidzolomondo, uku akulimabe fodya, mpaka tinawakweza minibasi ya chapa pa Furancungo kupita kuchipatala chachikulu ku tauni. Kumeneko anawachotsa impso yakumanzere, n'kuitumiza kokayeza kuti adziwe mtundu wa khansa yake.

Achimwene sanadikire rezultado, zotsatira za kuyezako. Anamwalira chimanga chisanache. Adzukulu posambitsa mtembo anaona chipsera m'nthiti, ndipo nkhani inafika kumanda ife tisanafike, yoti mphunzitsi wagulitsa impso ya mchimwene wake. Alamu anga, akazi awo a achimwene, amene tinkagona limodzi pakhonde la chipatala, sanatsutse. Anangoweramitsa mutu.

Pepala la kuchipatala linabwera titameta kale. Nditapita kukalitenga, dotolo anandiwerengera nkhope ikuwala. Akuti unali mtundu wosowa kwambiri. Pamakina oonera tinthu ting'onoting'ono sunkafanana ndi khansa ya impso imene amaiona kawirikawiri, ndipo chiyambire ntchito iye anali asanauonepo. Anati tizidutswa ta impsoyo atisunga pagalasi kuti ophunzira udotolo aziphunzirirapo.

Ndinapita nalo kumudzi pepalalo, n'kuwamasulira abale liwu ndi liwu. Amalume anangoti, "Mwalemba nokha izi. Si inu odziwa kulemba?"

Lero impso ija ku tauni imalandira alendo. Koma pakhomo panga pano palibe wachibale amene amapondapo.