Inki Yakuda pa Masitepe a Amayi

Amayi anga, a Glenda Rhoads, anakula akudana ndi phunziro la mbiri yakale. Ankati kusukulu kwawo linali la zaka zokhazokha, nkhondo yakuti chaka chakuti, mayeso akangotha zonse zauluka. Ndiye atayamba kutiphunzitsa okha kunyumba, ife ana awo atatu, atsikana okhaokha, buku la mbiri la kusukulu anachirikizira mwendo wa tebulo. Mbiri tinkaimva m'mabuku a nkhani, m'makalata ndi m'zolemba za anthu akale.

Tikatha nkhomaliro ankakhala pafupi ndi chitofu n'kumawerenga mokweza, ife tikusenda maapozi. Mawu awo anali osasa, chifukwa asanakwatiwe anasoka malaya m'fakitale zaka khumi, akukuwa kuti amvane pakati pa phokoso la makina. Akafika pomvetsa chisoni ankaima n'kuvula magalasi.

"Magalasi awa achita nthunzi."

"Ee, Amayi, nthunzi yake yotsika m'masaya?" ndinkafunsa ine.

"Senda apozi iwe Tabitha, pakamwa!"

Pakhoma la masitepe anamatapo pepala lalitali, pansi zaka zamakedzana, pamwamba zathu zino. Munthu aliyense amene takumana naye m'buku tinkamulembera kakhadi n'kukabaya ndi phini pa chaka chake. Lamulo linali limodzi basi: amene anakhalakodi padziko, inki yakuda, wopekedwa ndi wolemba, inki yofiira.

Mu 1994, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, tinawerenga buku lolembedwa ngati zolemba za tsiku ndi tsiku za mtsikana wina, Orpha, wa m'fakitale ya nsalu m'zaka za m'ma 1840. Anafa ndi chifuwa ali msinkhu wanga womwewo. Ndinalira sabata yathunthu, osanama. Khadi lake ndinalemba ndi inki yakuda. Amayi anaima kumbuyo kwanga, anaona, koma sananene kanthu.

Kwathu ku Pennsylvania chaka cha maphunziro chikamatha, mphunzitsi wovomerezeka amaona ntchito ya mwana wophunzirira kunyumba n'kusayina. Bambo anali ataneneratu patebulo: "Glenda, mwana wa sekondale sangamakulire nthano. Akapanda kusayina, mu Ogasiti Tabitha akukwera basi yachikasu ya kusukulu." Basiyo ndinkaiopa zedi. Ndinkadziwa kuti ndikangokwera ine, azing'ono anga anditsatira, kuwerenga kwa masana kuja n'kutheratu.

Anabwera a Detwiler, mphunzitsi wa mbiri wopuma pantchito, wamtali, wosaseka wamba. Khofi anakana, payi, keke ya maapozi, anakana. Anayamba kukwera masitepe pang'onopang'ono, akuwerenga makhadi, ife tikuwatsatira pambuyo. Pakatikati anaima.

"Orpha ameneyu ndani? Ndaphunzitsa zaka makumi atatu, sindinamumvepo."

Ine ndiye pakamwa mbwee! Ndinawauza za belu lowadzutsa kusanache, za mazenera okhomedwa ndi misomali kuti ulusi usaume, za fumbi la thonje lolowa m'mapapo, za atsikana asanu ndi mmodzi ogona chipinda chimodzi, za pempho limene anasayina lakuti azigwira ntchito maola khumi okha.

"Zonsezo n'zoona," anatero a Detwiler. "Tandipatsa bukulo."

Anatsegula tsamba lakumapeto, limene Amayi sanatiwerengere.

"Mwanawe, Orpha sanabadweko. Wolemba wanena yekha apa."

Ndinangokhala pa sitepe pomwepo. Mpaka lero sindidziwa chimene chinandipweteka kwambiri, basi yachikasu ija kapena kumva kuti ndinalirira munthu woti kunalibe.

"Mlandu ndi wanga, aphunzitsi," anatero Amayi. "Ndinkadziwa. Koma mwana analira ngati wafedwadi, ndiye ndikanayambira pati kumuuza? Ngati simusayina, lembani kuti wolakwa ndi mphunzitsi wake, osati iyeyu."

"Munalakwitsadi, mayi. Mwana ayenera kudziwa pothera choona ndi poyambira chopeka."

A Detwiler anayang'ana khadi lija nthawi yaitali, kenaka anatambasula dzanja.

"Khadi losalemba lilipo? Ndi cholembera chakuda."

Anatsamiritsa khadilo pakhoma n'kulemba: Alverta Moyer, 1911, fakitale ya silika, ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Anakwera masitepe awiri n'kulibaya pa chaka chake.

"Amayi anga amenewo," anatero osatiyang'ana. "M'buku limene ndinaphunzitsa zaka zonse zija mulibe. Lero ndi koyamba kumva mwana akufotokoza mpweya umene ankapuma."

Anasayina ali chiimirire pomwepo. "Koma Orpha umulembenso ndi yofiira, wamva iwe?" Ndinamva. Payi uja anadya zidutswa ziwiri, Amayi akupukuta magalasi awo a nthunzi. Bambo atabwera ku ntchito anaona siginecha, n'kungoti, "Chabwino, mwawina," ndipo za basi sanatchulenso.

Amayi anatiwerengera mpaka wotsiriza wa ife atalowa koleji. Kenaka anayamba kuwerengera ana a anthu a kutchalitchi, mawu akusasirasasira, mpaka maso anawakana.

Anamwalira chaka chatha, ndipo nyumba ija tinaigulitsa. Tsiku loti mawa tipereka makiyi ndinapita ndekha kukachotsa makhadi. Ndinayambira pansi. Orpha ndinamupeza, wofiira. Alverta ali pomwe paja, phini itachita dzimbiri. Pamwamba penipeni panali ife atatu ndi masiku athu obadwa, Bambo, ngakhale galu wathu Biscuit, tonse m'zilembo za Amayi. Ndinafufuza kawiri, katatu, koma dzina lawo silinapezeke paliponse. Zaka khumi m'fakitale ya malaya, zaka makumi awiri akuwerenga pafupi ndi chitofu, osadziona kuti nawonso ndi a pakhomapo. Zinandikwiyitsa, kenaka zinandiliza.

Ndinkadziwa kuti pepala lonse likuchoka tsiku lomwelo. Komabe ndinatsika kukhitchini, ndinafunafuna m'makatoni mpaka ndinapeza cholembera chakuda, ndinawalembera khadi lawo, n'kukwera kukalibaya.