Kachidutswa ka achimwene

Achimwene ndi amene anandiphunzitsa kupanga mawebusaiti, pakhonde kwathu ku Chintheche, laputopu ili pampando ife tili pansi. Ankadana ndi kulemba chinthu chimodzi kawiri. Akalemba khodi, malangizo oyendetsa webusaiti, ya loji ina ya ku Kande, ankaisunga, mawa n'kudzaiika pa webusaiti ya sukulu atangoisintha pang'ono. Zidutswazo zinachuluka mpaka zinasanduka chimango chathu, chomwe tinkamangirapo ntchito iliyonse yatsopano.

"Chinangwa sadzala njere, iwe," ankatero. "Umadula mtengo wa chaka chatha."

Ine ndinkawaseka kuti ndi ulesi chabe umenewo, wangovala tayi.

Atamwalira ndinapitiriza ndekha, kenaka ndinagwirizana ndi mtsikana wina wa ku Lilongwe amene anakwatiwa kuno. Atachiona chimangocho sanandibisire.

"Asisi, ichi chakalamba. Chikadzathyoka adzachikonze ndani? Tisamukire pa chimango china, fulemuweki imene anthu ambiri akuisamalira."

Ndinakwiya, ndipo chinandikwiyitsa kwambiri n'chakuti ankanena zoona. Koma kufufuta khodi ija kunali ngati kuwaika achimwene m'manda kachiwiri. Ndinazengereza mvula yonse, ndikunamizira magetsi.

Pomaliza tinasamuka. Ndinangopempha kuti kachidutswa kamodzi katsale. Kuno netiweki imabwera ndi kupita mmene yafunira, ndiye achimwene analemba kakhodi kosunga zimene munthu walemba pafoni mpaka netiwekiyo itabwerera. Podikirapo pankatuluka mawu a Chitonga akuti "Mungafipanga mtima cha," ndiko kuti musade nkhawa. Mnzangayo anakakonza bwinobwino kuti kalowe mu fulemuweki yatsopano, n'kunena kuti tikaike pa intaneti, aliyense wofuna atenge. Ndinavomera monyinyirika. Mumtima ndinkati n'kanga.

Patapita zaka ndinakwera boti kupita ku Usisya kukaona azakhali. Anandipatsa foni yawo kuti ndiwalembetse pa webusaiti ya gulu la amayi oumitsa usipa, poti maso awo anali atayamba kuvuta. Webusaitiyo sindinkaidziwa, ngakhale amene anaipanga sindikumudziwa mpaka lero. Mitundu yake inali yonyansa ndithu, yobiriwira pa yofiira, ndipo ndinayamba kale kumunyoza mumtima.

Ndili mkati molemba, netiweki inathawa. Pafonipo panatuluka mawu aja. Munthuyo sanawasinthe, ngakhale kadontho kamene achimwene anaiwala kumapeto sanakaike.

"Yafa?" anafunsa azakhali.

"Ayi, ikudikira."

"Imatero imeneyo. Imatiuza kuti tisafipe mtima, ndiye timangokhala. Anapanga zimenezi ndi munthu wa kwathu, waulemu."

Ndinafuna kuwauza kuti ndi achimwene, mwana wa mlongo wawo, yemwe anamubereka kumsana, koma ndinangoika foniyo pansi. Ndinawasowa achimwene tsiku limenelo kuposa tsiku la maliro. Tinakhala pamkeka tonse awiri, foni ili pakati pathu, ndipo ndinkapemphera kuti netiweki ichedwe.