Khadi Lomwe Nélia Sankataya

Masewera a makhadi amene ndinayamba ndi Nélia Lachinayi lina m'mwezi wa Julyu anatenga masiku makumi awiri ndi atatu kuti athe, ndipo khadi limene ndinabetcha silinali langa. Linali la mchimwene wanga, mano Jaime, amene ankaphunzira ku Furancungo ndipo ankayembekezeka kubwera pa feriya, sukulu zikatsekera. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi.

Chipinda chimene tinkasewereramo ndimachikumbukira ndi mphuno. Chinali chakuseri m'nyumba ya anamwino ku Tsangano, ndipo munkamveka fungo la dothi la mbatata za kachewere, la palafini, ndi la mafuta opaka pachifuwa aja oluma m'maso. Zenera linali limodzi, la zitsulo zinayi. Nélia anali mwana wa namwino, a dona Berta, amene anatumizidwa kwathu kuchokera ku Tete chaka chomwecho. Nélia anali ndi mphumu. Chisanu chikayamba, nkhungu n'kumatsika m'mapiri dzuwa likadalipo, mayi ake ankamutsekera m'nyumba iye akangoweruka kusukulu, iwo n'kubwerera kuntchito. Chichewa chake chinali chopindika ndipo kusukulu ankamuseka. Inenso ndinkaseka nawo.

Makhadi ake ndinawaona tsiku limene amayi anandituma kukasiya mbatata kumeneko. Anawayala pansi, akusewera yekha mbali zonse ziwiri. Anali makhadi a zilombo, olembedwa m'Chipwitikizi, ofanana ndi amene mano Jaime anasiya m'chitini pansi pa bedi lake atandichenjeza kuti ndikawakhudza adzandithyola zala. Ndinkawakhudza Lamlungu lililonse. Nditasiya mbatata zija, m'mawa mwake ndinauza a dona Berta kuti ndikufuna kuphunzira Chipwitikizi kwa mwana wawo, iwo anandionetsa mwala umene ankabisapo kiyi, ndipo masana ndinalowa ndi chitini m'kati mwa juzi.

Malamulo ake si ambiri. Wosewera aliyense amakhala ndi mulu wa makhadi makumi anayi ndi mapontu a moyo. Nthawi yako ikakwana umatola khadi limodzi pamwamba pa mulu, kuika chilombo pabwalo, n'kumenya. Ngati mnzako ali ndi chilombo pabwalo, uyenera kuyamba wachigonjetsa usanafike pa mapontu ake. M'manja suloledwa kusunga makhadi oposa asanu ndi limodzi. Owonjezera umataya pambali, pamalo amene tinkati kumanda. Mapontu akakuthera wagonja, mulu ukakuthera wagonjanso. Pamwamba pa onsewa pali lamulo limodzi: zolembedwa pa khadi zimaposa malamulo a masewera.

Panalinso lamulo la ana a pasukulu pathu, losalembedwa paliponse. Masewera obetcha sasiyidwa panjira. Wonyamula makhadi ake, kapena wojomba tsiku limodzi, wagonja. Nélia anabetcha khadi lake lonyezimira la mfumukazi ya m'madzi. Ine ndinabetcha Njoka ya Nkhungu, imene mano Jaime anaipeza atapereka makhadi khumi ndi awiri ndi nsapato zake zosewerera mpira.

Zinatsekeka tsiku loyamba lomwelo, ndipo anali makhadi atatu amene anatseka. Loyamba linali Chigayo, limene ndinaika ine poopa kuti mulu ungandithere: khadi lililonse lotayidwa, la wosewera aliyense, silipita kumanda koma limabwerera pansi pa mulu wa mwini wake. Lachiwiri linali Njoka yomweyo. Palibe chilombo chingaiphe pa nkhondo, koma ikakhala pabwalo mwini wake saloledwa kuika chilombo china. Ndinaiika nditatsala ndi mapontu ochepa, Nélia ali ndi zilombo zitatu. Itangodzuka kuti imenye, iye anatembenuza khadi limene analivundikira kale. Linali Khola. Chilombo chogwidwa m'Khola sichimenya, ndipo Khola limakhalabe pabwalo malinga mwini wake azitaya khadi limodzi nthawi yake iliyonse.

Masiku onse Khola limadya mwini wake, chifukwa otayidwawo sabwerera ndipo mulu umatha. Koma Chigayo changa chinkamubwezera lililonse. Iye sakanandimenya chifukwa Njoka inali itatchinga. Ine sindikanamenya chifukwa Njoka inali m'Khola, ndipo sindikanaika chilombo china chifukwa Njoka yomweyo inkaletsa. Khadi lililonse palokha linkachita zimene linalembedwa, popanda kulakwa. Pofika Loweruka ndinali nditaona mulu wanga ukuzungulira kasanu. Munalibe khadi lotsegula Khola, lochotsa Chigayo, kapena lobweza Njoka m'manja.

"Tingoti palibe wapambana," ndinatero. "Aliyense atenge chake."

"Ayi. Joga," anatero m'Chipwitikizi, kutanthauza kuti sewera.

"Ndijoge chiyani, iwe? Palibe chikuchitika apa."

"Ndiye nyamula makhadi ako. Njoka usiye."

Motero tsiku lililonse, ngakhale Lamlungu tikachoka kutchalitchi, ndinkatukula mwala uja, kutsegula chitseko, n'kukhala pa simenti yozizira mpaka a dona Berta ataweruka. Ndinkatola khadi, kutaya khadi. Nélia ankatola khadi, kutaya khadi. Tikamaliza tinkavundikira bwalo ndi beseni n'kuikapo njerwa, ndipo aliyense ankatenga makhadi ake a m'manja. Anga ndinkawakulunga m'pepala la shuga n'kugona nawo.

Kunja nyengo inkapita. Inali nthawi yokumba mbatata. Magalimoto ankaima pamsika atsegula kumbuyo, anyamata akusoka matumba otukumuka pamwamba, ndipo anzanga ankapita kukakunkha m'minda yokumbidwa kale, n'kuotcha zimene apeza pa moto wa mapesi. Utsi wake unkalowa pakati pa zitsulo zija. Ndinkamva mpira wa fulaye ukumenya khoma la sukulu, ndinkazindikira ndi mawu kuti amene wathawa mpira ndi ndani. Sabata yachiwiri kunali ukwati wa msuweni wathu kumudzi, ulendo wa masiku awiri. Ndinanama kuti m'mimba mukundipotokola. Amayi anandisiya ndi azakhali atandimwetsa mankhwala owawa, ndipo diresi imene anandisokera inakhala pa msomali.

Nélia sankaoneka wotopa. Ankandisungira theka la buledi wake ndi tiyi m'fulasiki. Akutola ndi kutaya ankandiuza za kutentha kwa ku Tete, kuti kumeneko anthu amagona panja ndipo sopo amasungunuka pazenera. Ankandifunsa mayina a zinthu m'Chichewa n'kumawabwereza mpaka atakhoza. Mphumu ikamugwira ankatsamira khoma, chifuwa chikulira ngati wezulo, koma makhadi osawasiya. Ine ndinkayankha mwachidule. Ndinkawerenga masiku a mano Jaime.

Chinthu chimodzi ndinachiona. Pofika sabata yachiwiri makhadi ake ndinkawadziwa onse, chifukwa aliyense amataya poonekera. Koma panali limodzi, lopindika pakona, limene linkakhala kumanzere pansi pa chala chake chachikulu. Ena onse ankabwera ndi kupita. Ilo silinkasuntha. Ndinaganiza kuti ndi khadi lokongola limene ankangolikonda.

Lachisanu la sabata yachinayi amayi anachapa bulangete la mano Jaime n'kuliyanika pa waya. Chapa yake, minibasi ya ku Furancungo, inali yofika Loweruka masana. Ndinalowa m'chipinda chija osapereka moni. Nélia anakankhira buledi kwa ine, ine ndinamubwezera.

"Mano akubwera mawa. Ndipatse Njoka."

"Sitinamalize."

"Sitidzamaliza! Ukudziwa bwino."

"Ubwere naye mano wakoyo. Aziona tikusewera."

Apo m'pamene ndinanena. Ndinati ukwati ndinaphonya chifukwa cha iye, kuti chipinda chake chimanunkha matenda, kuti palibe tsiku limodzi limene ndinabwera chifukwa chofuna. Ndinati pakanapanda Njoka sindikanaponda pakhomo pake, monganso ena onse.

Sanalire. Anatola khadi lake, anataya limodzi la Khola monga mwa masiku onse, kenako anasolola lopindika lija n'kuliika pabwalo. Linali Mphenzi: chotsani chilombo chimodzi chilichonse. Ndinati Njoka siphedwa. Iye analoza mawu a pa khadi langa ndi chikhadabo. Siphedwa pa nkhondo. Mphenzi si nkhondo. Njoka itachoka, zilombo zake zitatu zinapeza njira yotseguka, ndipo mapontu anga anatha ndisanameze malovu. Anatenga Njoka n'kuiika m'thumba la juzi lake.

"Watha," anatero. "Pita."

Ndinatuluka dzuwa likadali m'mwamba, koyamba m'masabata atatu. Ndiyenera kunena zoona: ndinamva kupepuka. Ndinakasewera fulaye mpaka miyendo inachita fumbi, ndipo mantha anandipeza ndili pa njira yobwerera kunyumba.

Mano Jaime anatsegula chitini asanavule nsapato. Zala sanandithyole. Anandikoka khutu mpaka kuseri kwa nkhokwe, n'kundiuza kuti ndiyale masewera onse pansi ndi timiyala, khadi ndi khadi. Ndinayala Chigayo, Njoka, Khola.

"Chitsiru iwe, Chigayo ndi Njoka saika pamodzi. Wadzimanga wekha." Anayang'ananso timiyala tija. "Wakumaliza ndi chiyani?"

"Mphenzi."

"Mwasewera masiku angati?"

"Vinte-treji, mano."

Anandisiya khutu. "Mulu wake unkazungulira tsiku lililonse. Mphenziyo anali nayo kuyambira tsiku loyamba, likachedwa lachiwiri. Akanakudya nthawi iliyonse imene akanafuna. Ndiye mumachita chiyani m'menemo masiku onsewa?"

Ndinayamba kutolera timiyala tija. Iye sanandilankhule sabata yonse, ndipo pobwerera ku Furancungo chitini anapita nacho. Kwa Nélia sindinapitenso. Kusukulu ndinkamulambalala, ndipo mvula isanayambe a dona Berta anasamutsidwa. Katundu wawo ndinamuona pamwamba pa chapa, beseni lija litamangidwa pa matiresi.

Pa zaka khumi ndi chimodzi ndinamva nkhaniyi motere: anali ndi chipambano m'manja ndipo anandisunga dala, ngati mphaka wosewera ndi mbewa. Ndinakhulupirira zimenezo nthawi yaitali. Nditakula, ntchito ya utolankhani inandiphunzitsa kufunsa funso limene sindinafunse pamenepo, loti munthu wapindula chiyani. Njoka akanaitenga tsiku loyamba. Akanathanso kungosiya kudyetsa Khola, ine n'kupambana. Njira zonse ziwiri zinali m'manja mwake, ndipo zonse zinkathera pamodzi: chitseko chotsekedwa, kiyi pansi pa mwala, iye akusewera yekha mbali zonse ziwiri. Makhadi atatu aja anamupatsa chinthu chimene sukulu yonse inamumana, ndipo anachilipira khadi limodzi nthawi iliyonse kwa masiku makumi awiri ndi atatu. Ine ndinkatsekeredwa maola atatu patsiku. Iye ndikachoka ankatsalamo.

Mwezi watha ndinapita ku Furancungo kukalemba za msewu. Mayi wina wogulitsa buledi pamsika anandiuza kuti namwino watsopano wa ana anakhalako ku Tsangano ali wamng'ono, ndipo amalankhula Chichewa chabwino. Ndinasiya nambala yanga kwa mayiyo kuti akampatse namwinoyo. Patapita masiku anayi kunabwera chithunzi pa foni, chopanda moni: Njoka ya Nkhungu, itayera m'mbali, ili pa tebulo pafupi ndi fulasiki. Pansi pake panali mawu awiri: "Joga, iwe."

Mano Jaime wandibwereka chitini, ndipo Chigayo wachichotsamo yekha. Chapa ya ku Furancungo inyamuka Loweruka m'mawa.